Ngongole zitatu, malipiro amodzi: muyambire pati pamene kwacha ikuchepa mphamvu?

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale pasukulu ina kufupi ndi Santhe m'boma la Kasungu. Akadula msonkho ndi ngongole ya kubanki, pamwezi ndimatsala ndi K290,000. Mayi a kunyumba amalima soya, mtedza ndi chimanga. Tili ndi ngongole ya K150,000 ku banki mkhonde, ya chiwongola dzanja cha 20 pa 100 iliyonse pamwezi, komanso ya katapila ya K80,000, ya 50 pa 100 iliyonse pamwezi. Tagulitsa soya ndipo tapeza K600,000, mtedza sitinagulitse. Ena akuti ndalamazi tiike kubanki, ena akuti tigule madola, ena akuti ndionjezere ngongole ya kubanki ndigule njinga yamoto ya kabaza. Achibale nawo amva kuti tagulitsa. Kodi tichite chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kulemba manambala onse osabisa, chifukwa yankho lalikulu lili m'manambala omwewo. Ngongole ya katapila ikukudyerani K40,000 mwezi uliwonse, ya banki mkhonde K30,000, ndipo zonse pamodzi ndi K70,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zimene mumabwera nazo kunyumba. Ndalama imeneyo sikuchepetsa ngongole ngakhale ndi tambala imodzi, ikungogula chilolezo choti mukhalebe ndi ngongoleyo mwezi wina. Mukapitiriza chonchi kwa chaka chathunthu mudzakhala mutapereka K840,000 pa ngongole za K230,000, ndipo ngongolezo zidzakhala zikadalipo. Palibe banki, palibe dola, palibe njinga yamoto imene ingakubweretsereni phindu lofanana ndi limene mungapeze pongotseka mabowo awiriwa.

Choncho sabata ino, ndalama zisanayambe kugawikana, bwezani ngongole ya katapila yonse. Pamodzi ndi chiwongola dzanja cha mwezi uno ikwana K120,000. Pitani ndi mboni, ndipo wobwereketsayo alembe pa pepala kuti ngongole yatha, asayinire. Ngati anakusungirani khadi la kubanki kapena chiphaso cha unzika ngati chikole, monga momwe ambiri a iwo amachitira ndi ogwira ntchito m'boma, mutenge tsiku lomwelo ndipo musinthe nambala yachinsinsi ya khadilo musanafike kunyumba. Musavomere akakuuzani kuti mungopereka chiwongola dzanja, yotsalayo mudzaona mwezi wamawa. Kukoma mtima kwa mtundu umenewo ndiko malonda ake.

Nkhani ya banki mkhonde imafuna kuiganizira mofatsa pang'ono, chifukwa anthu amanena kuti chiwongola dzanja cha kumeneko sichitayika, chimabwerera kwa mamembala pogawana kumapeto kwa chaka. Zimenezo n'zoona, koma n'zoona pang'ono chabe. Chimabwerera molingana ndi masheya a munthu aliyense, kotero kuti amene ali ndi masheya ochepa koma amabwereka kwambiri ndiye amalemeretsa anzake a masheya ambiri. Ngati gulu lili ndi anthu 20 a masheya ofanana, pa K30,000 imene mumapereka pamwezi, yobwerera kwa inu ndi K1,500 yokha. Sindikunyoza magulu amenewa, pakuti athandiza amayi ambiri a m'midzi amene banki sinawayang'anepo n'komwe, ndipo amaphunzitsa mwambo wosunga. Koma ngongole ya 20 pa 100 pamwezi inapangidwira munthu woti agule tomato kapena usipa lero, agulitse sabata yomweyo, abweze. Siyoti munthu agulire feteleza amene phindu lake lidzaoneka pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo siyoti agulire ndiwo. Bwezani K180,000 imeneyo pa msonkhano wotsatira, mayi akhalebe membala woponya masheya, ndipo ngati gulu lawo lili ndi lamulo lokakamiza aliyense kubwereka, atenge yochepetsetsa imene lamulolo likulola n'kuibweza msanga.

Mukatero mwatsala ndi K300,000 m'manja, ndipo malipiro anu akwera ndi K70,000 pamwezi popanda kudikira kuti boma likukwezereni.

Tsopano tibwere ku funso la kusunga, limene ndi lovuta kuposa la ngongole chifukwa malangizo amene tinakula nawo sakugwiranso ntchito monga kale. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inaichepetsanso ndi 44 pa 100 iliyonse, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 pa mtengo wa kubanki. Dziko lathu limagula kunja mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala ndi zipangizo zambiri, pamene ndalama zakunja timazipeza makamaka kuchokera ku fodya, yemwe gawo lake lina limadutsa pa msika wa Chinkhoma kwanu komweko, ndipo sizikwanira. Kwacha ikagwa, mtengo wa mafuta umakwera, thiransipoti imakwera, kenako chilichonse chimene chimakwera galimoto chimatsatira. Pamwamba pa izo panabwera ng'amba ya El Niño, imene inachititsa kuti mu Malichi 2024 boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo chimanga chinakwera mtengo koopsa. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 pa 100 iliyonse pachaka, ya zakudya kuposa pamenepo.

Tanthauzo lake pa thumba lanu ndi ili: mitengo ikamakwera ndi 30 pa 100 pachaka, K100,000 imene mwaisunga lero idzagula, chaka chamawa nthawi ngati ino, zinthu zimene lero mukanagula ndi K77,000. Akaunti wamba yosungira ndalama imapereka chiwongola dzanja chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo kumeneku, ndipo pali ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi komanso potapa. Amene akukuuzani kuti muike zonse kubanki akukutetezani kwa akuba ndi kwa dzanja lanu lomwe, zomwe n'zofunika, koma sakukutetezani ku kutha mphamvu kwa ndalamayo. Lamulo limene ndimapereka kwa mabanja ngati lanu n'lakuti chinthu chilichonse chimene mukudziwa motsimikiza kuti mudzachifuna m'miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu ikubwerayi, chomwe sichiwonongeka chikasungidwa bwino, muchigule pa nthawi imene chili chotchipa, osadikira tsiku lochifunira.

Choyamba pa zinthu zimenezo ndi chimanga. Khalani pansi ndi mayi muwerenge matumba amene mwakolola, ndipo muwerengenso kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 limatha masiku angati pakhomo panu, osaiwala alendo, aganyu ndi ana a achibale amene amabwera patchuthi. Pa banja la anthu asanu ndi mmodzi, thumba kawirikawiri silipitirira mwezi. Ngati chimene muli nacho sichifika mwezi wa Epulo, gulani chosowacho tsopano, pakati pa Meyi ndi Julayi, pamene alimi akugulitsa ndipo mtengo uli pansi. Mu Januwale ndi Febuluwale mudzakhala mukugula pa ndowa kwa mavenda omwewo amene akugula lero pa sikelo, kapena kuima pa mzere ku ADMARC osadziwa ngati chifika. Chiumitseni bwino, muthire mankhwala ophera anankafumbwe monga Actellic potsatira muyeso wolembedwa, kapena mugwiritse ntchito matumba osalowa mpweya a PICS, ndipo matumbawo asagunde pansi kapena khoma. Chimanga chofumbwa ndi ndalama yotayika ngati ina iliyonse.

Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Ndikunena za chimanga chodya, osati chogula n'cholinga chodzagulitsa. Mtengo sumakwera chaka chilichonse mofanana, ndipo pali zaka zimene umatsika boma likaletsa kutumiza kunja kapena chikalowa chambiri kuchokera ku Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Alimi a nandolo a kumwera sadzaiwala chaka cha 2017, pamene India anachepetsa kugula ndipo mtengo unagweratu, anthu n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Amene wagula chimanga chodya sataya kanthu ngakhale mtengo utatsika, popeza adzadya ndithu. Amene wagula ndi ndalama ya fizi poyembekezera phindu ndiye amagona osatseka maso.

Chachiwiri ndi feteleza ndi mbewu. Mtengo wa feteleza umatsatira dola, ndipo mu Novembala ndi Disembala, aliyense akamamufuna nthawi imodzi, amakwera kapena kusowa kumene. K70,000 imene yamasuka ija musailole kusungunuka m'zogula za tsiku ndi tsiku. Tsiku lolandira malipiro, musanagule china chilichonse, ipatuleni, ndipo ikakwana thumba mugule thumba kwa wogulitsa wodziwika amene amapereka lisiti. Kuyambira Julayi mpaka Okutobala imeneyo ndi K280,000. Musawerengere feteleza wotsika mtengo wa boma pokonza ndondomeko yanu, chifukwa mayina a opindula amasintha chaka ndi chaka ndipo wogwira ntchito ya malipiro sakhala patsogolo pa mndandanda. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za kapangidwe ka manyowa a Mbeya, amene amasakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya ndi phulusa. Komanso bzalani chimanga pamene chaka chino panali soya kapena mtedza, pakuti mbewu zimenezi zimasiya chonde m'nthaka. Ekala imodzi yothiridwa mokwanira imaposa maekala awiri ongowazidwa.

Mtedza umene simunagulitse musauthamangitse. Ngongole zodula zikatha, palibenso chokukakamizani kugulitsa kwa venda woyamba kufika pakhomo. Usungeni wosaswa, pouma, chifukwa mtedza wa m'makoko umakhalitsa ndipo suchita chuku msanga, ndipo musaunyowetse pofuna kuti usweke mosavuta kapena ulemere pa sikelo, popeza chinyezi ndicho chimabweretsa chuku chimene ogula akuluakulu amakanira. Gulitsani pang'onopang'ono molingana ndi zofunika zodziwika, monga fizi ya mu Seputembala ndi ya mu Januwale, ndipo mupatuliretu wa mbewu. Pogulitsa, dziwani mtengo wotsikitsitsa umene Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chimenecho, yezani thumba lanu pa sikelo ina musanapite nalo, ndipo ngati kuli kopaletivi ya alimi kufupi nanu, kugulitsa pagulu kumapatsa mphamvu pokambirana mtengo.

Ngakhale ndanena zonsezi, musasandutse ndalama yonse kukhala katundu. Mwana akadwala usiku, wa galimoto salandira thumba la feteleza. Siyani pakati pa K50,000 ndi K80,000 pamalo pamene mungaitenge tsiku lomwelo, kaya ku Airtel Money, ku TNM Mpamba kapena ku akaunti ya kubanki yosiyana ndi yolandirira malipiro. Ndalama imeneyi idzachepa mphamvu pang'ono, inde, koma ntchito yake sikubala phindu. Ntchito yake ndi kukulepheretsani kubwerera kwa wakatapila, ndipo kutaya pafupifupi 23 pa 100 pachaka n'kopepuka kwambiri poyerekeza ndi kulipira 50 pa 100 pamwezi.

Za madola ndiyankha mwachidule. Kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja kwa anthu opanda chilolezo n'kosaloledwa ndi malamulo, kaya ndi mumsewu ku Lilongwe kapena kufupi ndi chipata cha Mchinji. Mukhoza kupatsidwa zachinyengo, mukhoza kulandidwa, ndipo mulibe kokadandaula. Kuonjezera apo, wosinthayo amadya pogula ndi pogulitsa pomwe. Inu zosowa zanu ndi chimanga, feteleza ndi fizi, ndiye gulani zimenezo mwachindunji.

Za njinga yamoto ndikana mwamphamvu, osati chifukwa kabaza ndi ntchito yoipa, koma chifukwa cha mmene mukufunira kuyiyambira. Kuonjezera ngongole ya kubanki kukutanthauza kuti banki idzatseka yakale, n'kutsegula yatsopano ya zaka zambiri, ndi ndalama zolipirira kukonza ngongole ndi inshuwalansi zodulidwiratu pamwamba. Chiwongola dzanja cha mabanki chinakwera pamene Banki ya Reserve inakweza mlingo wake wa chiwongola dzanja kufika pa 26 pa 100 iliyonse mu Febuluwale 2024 pofuna kuchepetsa kukwera kwa mitengo, ndipo mabanki amaonjezera pawo pamwamba pa mlingo umenewo. Ngongoleyo idzadulidwa ku malipiro anu mwezi uliwonse mosaphonya, pamene njingayo idzagwira ntchito masiku okhawo amene mafuta apezeka, amene sinawonongeke, ndi amene mnyamata woyendetsayo wabweretsa ndalama yonse. Inu mudzakhala muli m'kalasi. Zipangizo zake zimachokera kunja ndipo zimakwera limodzi ndi dola, okwera nawonso akuchepetsa maulendo chifukwa ndalama yawavuta ngati mmene yakuvutirani inu, ndipo ngozi imodzi ikhoza kutha njinga n'kusiya ngongole ya zaka zitatu. Nthawi imene anthu alibe ndalama si nthawi yoyamba malonda ndi mpamba wobwereka.

Ngongole ya kubanki imene muli nayo kale musaithamangire kubweza, ingoisiyani iziyenda. Pa K100,000 iliyonse imakudyerani ndalama zosapitirira masauzande ochepa pamwezi, kutali kwambiri ndi K20,000 ya banki mkhonde kapena K50,000 ya katapila. Chofunika n'kupita kukapempha chikalata chosonyeza ndalama yotsala, mwezi umene ithere, ndiponso ngati chiwongola dzanja chake chimasintha. Mwezi womaliza ukadutsa onetsetsani kuti kudula kwaima. Ngati pali cholakwika ndipo banki sikukuthandizani mutalemba kalata, mungathe kukadandaula ku ofesi yoyang'anira mabanki ndi mabungwe a zachuma ya Registrar of Financial Institutions, yomwe ili ku Banki ya Reserve. Ndipo foni ikadzalira mwezi womaliza usanakwane, akukuuzani kuti mwayenerera ngongole ina yaikulu, mudzakane mwaulemu.

Zinthu zikadzakhazikika, chaka chamawa kapena chinacho, mudzaganizire zolowa SACCO (kopaletivi yosunga ndi kubwereketsa ndalama) yovomerezeka ndi Registrar yemweyo, chifukwa kumeneko mumasunga, mumalandira gawo la phindu pachaka, ndipo mukhoza kubwereka pa chiwongola dzanja chotsika kwambiri poyerekeza ndi cha banki mkhonde. Mbuzi nazonso zimasunga chuma bwino m'dera lanu, zimaswana, ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina. Nkhuku zimafuna katemera wa chitopa pa nthawi yake, ndipo nkhumba, ngakhale zili ndi phindu, chigodola chikalowa m'mudzi chimatha khola lonse ndipo chilibe mankhwala. Koma zonsezi ndi za mtsogolo. Chimene muyenera kuchipewa lero lomwe ndi aliyense wolonjeza kuchulukitsa ndalama m'masabata ochepa, kaya pa WhatsApp, kaya kutchalitchi, kaya ndi mnzanu wa kuntchito, pamodzi ndi kubetcha kwa mpira kumene kwadya malipiro a anthu ambiri ophunzira bwino.

Nkhani ya achibale ndiyo imene mabuku a zachuma sathandizapo, ndipo sindingakuuzeni kuti muwatsekere chitseko. Mphunzitsi pamudzi ndi mtengo wa mthunzi, ndipo amene akupemphani lero ndi omwewo amene adzakumbe manda ndi kuphika pa maliro a pakhomo panu. Thandizo limenelo ndi lenileni ndipo lili ndi mtengo wake. Chovuta sikuthandiza, koma kuthandiza mopanda malire ndiponso mobisirana. Gwirizanani ndi mayi ndalama ya pamwezi ya achibale a mbali zonse ziwiri, kaya ndi K20,000, ndipo ikatha yatha, wobwera pambuyo auzidwe zoona kuti adikire mwezi wamawa. Makolo okalamba, odwala ndi ana amasiye akhale patsogolo. Kumene kungatheke perekani chinthu m'malo mwa ndalama, monga ndowa ya chimanga, mbewu ya mtedza yoti adzabweze akakolola, kapena fizi yolipira inu nokha kusukulu. Musabwereke kuti muthandize munthu pa chinthu chimene si matenda kapena maliro, ndipo musasayinire ngongole ya wina ngati mboni yolipira pokhapokha mutakonzeka kuibweza nokha.

Pali mfundo ina imene simunafunse koma ndiyenera kuitchula. Mwalemba kuti amene amalima ndi mayi. Ndiye kuti K600,000 imeneyi ndi thukuta lawo kwambiri kuposa lanu, ndipo ndondomeko iliyonse imene mungakonze nokha, ngakhale itakhala yanzeru chotani, idzalephera ngati iwo sanaivomereze. Auzeni za ngongole ya katapila ngati sakuidziwa, muwaonetse pepala la malipiro anu, ndipo iwonso anene zonse za ku banki mkhonde. Gulani kope limodzi loti nonse awiri muzilembamo chilichonse cholowa ndi chotuluka kwa miyezi itatu. Mabanja ambiri akachita zimenezi amapeza kuti ndalama sithera pa zinthu zazikulu zimene amakangana, koma pa mayunitsi, mabandulo, maulendo a ku boma amene akanaphatikizidwa kukhala umodzi, ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa kangapo pa sabata, ndi kugula shuga, sopo ndi mafuta ophikira m'timapaketi ting'onoting'ono tsiku ndi tsiku m'malo mogula kamodzi polandira. Podula, musayambe ndi chakudya cha ana, mankhwala kapena sukulu.

Mayeso enieni a zonsezi adzabwera mu Januwale ndi Febuluwale. Malipiro a Disembala amabwera msanga n'kuthera pa chikondwerero, sukulu zimatsegulira, feteleza wobereketsa amafunika, aganyu opalira ndi kubandira amafuna zawo, ndipo malungo amachuluka ndi mvula. Ndiyo miyezi imene anthu ambiri amagwera m'manja mwa wakatapila, ndipo sindikukayika kuti inunso ngongole zanu zinayambira pamenepo. Ndalama zimene mayi adzagawane ku banki mkhonde mu Disembala muzikonzeretu ntchito mu Novembala, zisanafike m'manja, ndipo matumba awiri kapena atatu a mtedza muwasiyire miyezi imeneyi. Aganyu ambiri nthawi imeneyo amakonda kulipidwa chimanga kuposa ndalama, kotero thumba limodzi loonjezera logulidwa mu Juni lidzalimitsa munda mu Januwale pa mtengo wa mu Juni. Zikadzavutabe mpaka kufunika kubwereka, yambani ndi kugulitsa mtedza kapena mbuzi, kenako thumba la chithandizo la aphunzitsi pasukulu panu ngati lilipo, kenako banki mkhonde, ndalama yochepa yoti ibwezedwe yonse pa malipiro otsatira.